Momwe Labotale Yogawana Imathandizira Ofufuza za Matenda Kupeza Ndalama



Ana athu ambiri akafunsidwa za tsogolo lawo amatchula udokotala kapena unamwino. Ndi ochepa amene amatchula ntchito yofufuza za matenda, chonsecho katemera aliyense ndi mankhwala alionse amene dokotala amapereka anayamba adutsa m'manja mwa ofufuza. Ntchito imeneyi imadya ndalama zambiri, ndipo ndalamazo amachita kulimbirana. M'nkhani ino tifotokoza chinthu chimodzi chimene kawirikawiri chimachititsa kuti wofufuza wina apeze ndalama pamene mnzake wabwerera chimanjamanja, chomwe ndi kukhala ndi labotale yodalirika yogwiritsa ntchito anthu ambiri. Tiona zimene zinachitika ku Blantyre pa matenda a taifodi ndi malungo, kenako tiona kuti Chisilamu chili ndi dzina komanso malamulo a chuma chamtundu umenewu.

Ndalama za kafukufuku zimachokera kuti?

Tiyerekeze kuti wofufuza akufuna kudziwa chifukwa chimene mankhwala ena asiyira kupha tizilombo toyambitsa matenda. Ayenera kulipira antchito, kugula zoyezera, kuyendera odwala ndi kusunga magazi amene watenga kwa zaka zingapo. Malipiro ake a pamwezi sangafike pamenepo. Choncho amalemba pempho ku mabungwe opereka ndalama za kafukufuku. Ndalama zimenezi ofufuza amangozitchula kuti grant. Sizibwezedwa ngati ngongole, koma tambala iliyonse imakhala ndi ntchito yake yolembedwa, ndipo owerengera chuma amabwera kudzaona ngati yapita kumene inayenera kupita.

Ena mwa mabungwe odziwika ndi Wellcome ya ku London, Gates Foundation, ndi National Institutes of Health, kapena kuti NIH, nthambi ya boma la America. Pempho likafika kumeneko limawerengedwa ndi akatswiri ena a ntchito yomweyo, amene amalipatsa malikisi ngati mayeso. Mpikisano wake ndi woopsa. Ku NIH, kwa zaka zambiri, pa mapempho asanu alionse ndi limodzi lokha, mwina kuposerapo pang'ono, limene linkapatsidwa ndalama.

Owerengawo amafunsa mafunso ochepa koma olemera. Kodi funso la kafukufukuyu ndi lofunika? Kodi njira zake zingabweretse yankho? Kodi munthuyu ndi gulu lake angaithe ntchitoyi? Nanga ali ndi malo ndi zipangizo zogwirira? Pa fomu ya NIH pali gawo lapadera pamene wopempha amalemba zipinda, makina ndi antchito amene ali nawo pafupi. Nthawi zambiri amaphatikizapo kalata yochokera kwa mkulu wa labotale yotsimikiza kuti adzaloledwa kugwiritsa ntchito zipangizozo.

Owerenga amafunanso kuona zotsatira zoyambirira, umboni wakuti wofufuzayo anayesapo kale pang'ono ndipo zinaonetsa kanthu. Apa ndi pamene pagona vuto la wofufuza wachinyamata. Kuti apeze ndalama afunika zotsatira, kuti apeze zotsatira afunika makina, ndipo makinawo afuna ndalama zimene sanazipeze. Labotale yogawana ndi imene imamasula mfundo imeneyi.

Labotale yogawana ndi chiyani?

Kumudzi khomo lililonse limadya nsima, koma si khomo lililonse limene lili ndi chigayo. Chigayo chimakhala chimodzi, chili ndi wochiyendetsa amene amachidziwa, ndipo aliyense amalipira malinga ndi chimanga chimene wabweretsa. Labotale yogawana imayenda chimodzimodzi. Yunivesite kapena bungwe la kafukufuku limagula makina odula kamodzi, n'kuwaika pamalo amodzi, n'kulemba ntchito anthu owadziwa bwino. Ofufuza osiyanasiyana amalembetsa nthawi yawo ndipo amalipira kangachepe kuchokera ku grant yawo.

M'malo otere mumapezeka makina a PCR, amene amachulukitsa kachidutswa ka chibadwa cha kachilombo mpaka kuoneka, monga ambiri tinamvera nthawi ya COVID-19. Mumakhala makina owerenga chibadwa chonse cha kachilombo, mafiriji ozizira kufika madigiri 80 kunsi kwa ziro, maikulosikopu amphamvu, ndi zipinda zotetezedwa zoyezera tizilombo toopsa ngati ta chifuwa chachikulu. Mumakhalanso jenereta, chifukwa magetsi akazima nthawi yaitali magazi osungidwa zaka khumi akhoza kuonongeka onse.

Labotale yotere imathandiza pempho la ndalama m'njira zingapo. Wofufuza watsopano amapeza zotsatira zoyambirira popanda kugula makina akeake. Bajeti yake imachepa, chifukwa amangopempha ndalama zoyezera m'malo mwa ndalama zomangira nyumba. Owerenga pempho amakhulupirira zotsatira zake, pakuti labotale yaikulu imayenderedwa ndi oyang'anira ochokera kunja, imatsata muyezo wa padziko lonse monga ISO 15189, ndipo nthawi zina imatumiziridwa zoyeza zimene yankho lake likudziwika kale kuti aone ngati ilondola. Komanso zolembedwa ndi zosungidwa za zaka zambiri zimasanduka nkhokwe imene wofufuza wobwera pambuyo amatapamo. Pamwamba pa zonsezi, anthu amakumana. Dokotala wa ana, katswiri wa tizilombo ndi katswiri wa masamu akamagwira ntchito m'nyumba imodzi, amatulutsa pempho lamphamvu kuposa limene aliyense akanalemba payekha.

Opereka ndalama nawonso amadziwa zimenezi. NIH ili ndi grant yapadera yogulira makina odula, ndipo lamulo lake ndi lakuti pakhale ofufuza osachepera atatu, amene ali kale ndi ndalama za bungweli, oti azigwiritsa ntchito makinawo. Munthu mmodzi sangawapemphe kuti akhale ake yekha.

Zimene zinachitika ku Blantyre pa taifodi

Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu, pali bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, mwachidule MLW. Linayamba mu 1995 mwa mgwirizano wa College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndi sukulu ziwiri za ku Liverpool, mothandizidwa ndi Wellcome. Kuyambira 1998 labotale yake yakhala ikuyeza magazi a odwala a pachipatalachi amene akuganiziridwa kuti ali ndi mabakiteriya m'magazi.

Kayezedwe kake ndi kotere. Magazi a wodwala amathiridwa m'botolo momwe muli chakudya cha mabakiteriya, ndipo botololo limasungidwa pamalo ofunda ngati thupi la munthu. Ngati m'magazimo munali mabakiteriya, amachulukana. Kenako a mu labotale amazindikira mtundu wake, n'kuyesa mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akuwapha. Dokotala amalandira yankho n'kuthandiza wodwala wake, ndipo zotsatirazo zimalembedwa ndi kusungidwa. Pakati pa 1998 ndi 2016 labotaleyi inayeza mabotolo a magazi oposa 190,000.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imeneyi, yooneka ngati yotopetsa, ndi imene inaulula zimene diso silikanaona. Taifodi imayamba ndi kutentha thupi, kupweteka kwa mutu ndi m'mimba, moti ndi yosavuta kuisokoneza ndi malungo. Kuchokera 1998 kufika 2010, pachipatalachi pankapezeka odwala taifodi otsimikizika pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 anapezeka 67, ndipo mu 2014 anafika 782. Choopsa kwambiri chinali chakuti pofika chaka chimenecho, pa tizilombo 100 tilitonse, 97 tinali titasiya kumva mankhwala atatu amene kale anali odalirika pa matendawa. Ofufuza anatumiza tizilombo tina tosungidwa ku Sanger Institute ku England, kumene anawerenga chibadwa chake n'kupeza kuti wafala ndi mtundu wotchedwa H58, umene unali utavuta kale ku Asia.

Tsopano tiganize ngati opereka ndalama. Katemera watsopano wa taifodi wapangidwa ku India, ndipo pakufunika malo mu Africa oti ayesedwe. Malowo ayenera kukhala ndi matendawa okwanira kuti kusiyana kuoneke, komanso labotale yotha kutsimikiza kuti mwana amene watentha thupi akudwaladi taifodi. Blantyre inali ndi zonse ziwiri, ndipo umboni wake unali wa zaka pafupifupi 20. Mu February 2018 kafukufuku anayamba ku Ndirande ndi ku Zingwangwa motsogozedwa ndi Pulofesa Melita Gordon, ndi ndalama za Gates Foundation. Ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 analowamo. Theka analandira katemera wa taifodi, theka linalo katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2021 zinaonetsa kuti katemerayo amateteza pafupifupi ana 80 pa 100 alionse amene akanadwala. Mu May 2023 boma linapereka katemerayu kwa ana mamiliyoni m'dziko lonse, ndipo ena mwa ophunzira athu a m'makalasi oyambirira ali m'gulu limenelo.

Amene ankathira magazi m'mabotolo mu 1998 sankaganiza za katemera wa 2023. Ankangofuna kuthandiza wodwala wa tsiku limenelo ndi kulemba zoona. Koma popanda kaundula wawo, pempho la ndalama likanasowa poimira.

Makina amodzi, ntchito ziwiri

Chitsanzo china chili pachipatala chomwecho. Kwa zaka zambiri madokotala a Blantyre Malaria Project, amene anayambitsidwa ndi Dr Terrie Taylor ndi Pulofesa Malcolm Molyneux, ankafuna kudziwa chimene chimapha ana odwala malungo okhudza ubongo, ngakhale atalandira mankhwala oyenera. Mu 2008 kunafika makina a MRI, oyamba m'Malawi, ojambula m'kati mwa mutu popanda kung'amba. Makinawo ankagwira ntchito ya kafukufuku komanso kujambula odwala ena.

Ofufuza anajambula ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa amene anachira, otupa chotero anali 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa umapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015, ndipo zinatsegula njira ya kafukufuku wina, wa ndalama za NIH, woyesa njira zothandizira ana otupa ubongo. Apanso tikuona kuti chipangizo chogawana chinabala umboni, ndipo umboniwo unaitana ndalama zina.

Chisilamu chimachitcha waqf

Kwa Msilamu maganizo amenewa si achilendo. Asilamu atasamukira ku Madina madzi abwino anali osowa, ndipo chitsime cha Ruma madzi ake anali ogulitsa. Uthman ibn Affan, Allah asangalale naye, anachigula n'kuchipereka kuti aliyense azitunga, iye mwini n'kumatunga ngati wina aliyense. Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, atapeza munda wabwino ku Khaybar, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamulangiza kuti mundawo ausunge ndipo zokolola zake azipereke sadaka. Pamenepa ndi pamene ma ulama anatenga malamulo a waqf. Chinthu choperekedwacho sichigulitsidwa, sichipatsidwa kwa wina ngati mphatso, ndipo sichigawidwa ngati chuma chamasiye. Phindu lake lokha ndi limene limapita kwa anthu, ndipo pamakhala woyang'anira amene ayenera kuyankha pa kasamalidwe kake.

Zipatala zikuluzikulu za m'mbiri ya Chisilamu zinkayenda ndi waqf. Chipatala cha al-Mansuri ku Cairo, chimene Sultan Qalawun anamanga cha m'ma 1284, chinali ndi chuma choikidwa padera cholipirira madokotala, mankhwala ndi chakudya cha odwala, ndipo chinalinso malo ophunzirira zachipatala. Sing'anga wachinyamata sankafunika kukhala mwana wa munthu wolemera kuti apeze mabuku ndi pophunzirira. Ngakhale Wellcome imene tatchula ija imayenda ndi maganizo oyandikana nawo. Sir Henry Wellcome atamwalira mu 1936 anasiya chuma chake kuti chisungidwe, phindu lake lizilipirira kafukufuku wa zaumoyo, ndipo mpaka lero chikugwira ntchito.

Tikumbukenso kuti Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika maphunziro a zachipatala m'gulu la fardh kifaya, udindo umene ukachitidwa ndi ena okwanira onse amapepukidwa, koma ukasiyidwa ndi onse mudzi wonse umakhala pa mlandu. Anadandaula kuti panali mizinda yodzaza ndi ophunzira malamulo achipembedzo koma yopanda sing'anga wachisilamu. Masiku ano udindo umenewo ukukhudza ndi woyeza magazi, wokonza makina a mu labotale ndi wosunga kaundula. Kugawana kwake sikuyang'ana chipembedzo, monga momwe taifodi siifunsa ngati mwana amapita ku madrasa kapena ku Sande sukulu.

Mavuto a chinthu cha anthu onse

Tonse taonapo mjigo umene unakumbidwa ndi mwambo waukulu koma lero wangoti zii chifukwa panalibe wosonkha ndalama yogulira kachitsulo kamodzi. Labotale yogawana ikhoza kufa imfa yomweyo. Opereka ndalama ambiri amakonda kugula makina atsopano kusiyana ndi kulipirira kukonza akale. Mankhwala oyezera amachokera kunja, amafuna ndalama zakunja, ndipo ena amatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Katswiri wophunzitsidwa bwino akapeza ntchito kwina, makina amakhala ovundikira. Ndi chifukwa chake kangachepe kamene wofufuza aliyense amalipira ndi kofunika, ngati ndalama ya pamwezi ya komiti ya mjigo.

Palinso nkhani ya chilungamo. Ndani ayambe pamene onse akufuna makina tsiku limodzi, pulofesa wa grant yaikulu kapena wophunzira amene alibe kanthu? Magazi otengedwa kwa Amalawi akatumizidwa kunja, mwini wake ndani, ndipo dzina la ndani lidzakhala patsogolo pa zotsatira? Labotale yabwino imakhala ndi malamulo olembedwa pa zonsezi. Komanso chaka cha 2025, pamene boma la America linadula thandizo lambiri la zaumoyo ku maiko akunja, chinatiphunzitsa kuti kudalira dzanja limodzi ndi koopsa. Labotale imene imatumikira ofufuza ambiri a ndalama zochokera kosiyanasiyana imapirira bwino wina akachoka.

Makolo ena amachita mantha akamva za kutenga magazi, ndipo mphekesera za anamapopa zinapwetekesa anthu osalakwa m'maboma ena a kummwera mu 2017. Ndi bwino kudziwa kuti kafukufuku wokhudza anthu sayamba asanavomerezedwe ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena komiti ya dziko lonse ya ku Unduna wa Zaumoyo. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti magaziwo apita kuti, asungidwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso wokana popanda mwana kumanidwa chithandizo. Allah anatilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, choncho tifunse m'malo mofalitsa zamveka.

Nanga ife pano?

Sukulu zambiri za m'madera zilibe labotale yokwanira, ndipo ophunzira ena amagwira maikulosikopu koyamba mayeso a MSCE atayandikira. Phunziro la ku Blantyre likugwira ntchito ngakhale pa msinkhu wathu. Sukulu zoyandikana zikhoza kugwirizana kuti zipangizo zochepa zimene zilipo zikhale pamalo amodzi otetezeka, pakhale ndandanda ya masiku, buku lolembamo wotenga ndi wobweza, ndi kathumba kokonzera zoonongeka. Tsiku limene tidzalembe pempho kwa aliyense wofuna kuthandiza, buku limenelo lidzakhala umboni wathu. Wopereka amamasuka akaona kuti chimene chilipo chikusamalidwa ndipo chikutumikira ana a sukulu zitatu.

Kwa makolo ndi jamaat, tikamaganiza za sadaka yosatha timathamangira mzikiti ndi mjigo, ndipo zimenezo ndi zabwino. Tionjezepo maikulosikopu, sikelo, mabuku a sayansi ndi sola yowunikira labotale. Zimenezi zikhoza kuperekedwa ngati waqf, zolembedwa bwino, ndi woyang'anira wodziwika.

Kwa inu ophunzira, anyamata ndi atsikana, limbikirani Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, pakuti ndi makiyi a maphunziro a labotale ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, ndi ku Malawi College of Health Sciences. Ndipo mukamachita zoyesa m'kalasi, lembani nambala imene mwaona, ngakhale itasiyana ndi ya m'buku kapena ya mnzanu wa pambali. Imeneyo ndi amanah. Nambala 14, 67 ndi 782 zija zinakhulupirika kunja chifukwa anthu amene mayina awo sitikuwadziwa analemba zimene anaona, chaka ndi chaka. Mukamaliza tsukani galasi, zimitsani moto, bwezani chipangizo pamalo pake, chifukwa kalasi ina ikudikira.

Tipemphe Allah ationjezere maphunziro opindulitsa, achiritse odwala athu, ndipo atulutse pakati pa ana athu ofufuza okhulupirika. Ameen.